Chala Chikadina, Mpweya Uime

Dzina lakuti Kalilole sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa galimoto ikatuluka m'manja mwawo munthu ankatha kumeta ndevu akudziyang'anira pachitseko chake. Anali wopopera penti pa galaja ina ya kuseri kwa msika, ya mpanda wa malata, imene dothi lake linada kalekale ndi oyilo. Pakona pa galajapo panali shedi yotchingidwa ndi matenti akale, ndipo mmenemo munalibe wina wolamula koma iwo. Munali kompuresa yokalamba, makina opopa mpweya, imene inkayamba yatsokomola isanalire, shelefu ya zitini, ndi msomali umene ankakolekapo mfuti ya penti. Mfutiyo inali yawoyawo, osati ya galaja. Akaweruka ankaimasula, kutsuka kachitsulo kalikonse ndi thina wosungunulira penti, kenaka n'kuikulunga m'nsanza yoyera.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndiponso wa pakamwa. Akaona galimoto yopakidwa kwina ankaizungulira manja ali kumbuyo, n'kufunsa mwiniwake mwaulemu wonse kuti, "Pepani bwana, iyi anakupakirani ndi tsache?" Wofuna kuti angophimba dzimbiri ndi penti ankamubweza pageti pomwepo, amvekere chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penti akachuluka pamalo amodzi n'kuyenderera, iwo ankati imeneyo ndi misozi, ndipo ankadzitama kuti pa zaka makumi atatu ndi zisanu galimoto yawo sinalirepo.

Luso lawo lonse linagona pa lamulo limodzi, limene analandira ali achinyamata kwa mkulu amene anawaphunzitsa ntchito. Mkuluyo ankaima kumbuyo kwawo dzanja lili pamsana, ndipo akangomva nthiti zikusuntha mfuti ikupopera, khofi linkatera pakhosi. "Chala chikadina, mpweya uime!" Zifukwa zake zinali ziwiri. Munthu akamapuma dzanja limagwedezeka, penti n'kukhala wochindikala pena, wopyapyala pena. Komanso nkhungu ya penti ija siyenera kulowa m'chifuwa. Choncho wopopera weniweni amakoka mpweya ali kunja kwa tenti, amalowa, amadina, n'kuyenda chammbali osapuma mpaka mzere utatha, kenaka amasuzumira kunja, phuu! A Kalilole ankamaliza mbali yonse ya minibasi, kuchokera ku nyali yakutsogolo kukafika ku yakumbuyo, ndi mpweya umodzi. Amakaniko ankasiya masipanala kudzaonerera.

Chotchinga kumphuno abwana a galaja anawagulirapo kamodzi. Anachivala theka la tsiku, n'kunena kuti chimawabanikitsa, ndiponso munthu amaoneka ngati nkhumba. Chinakhala pamsomali mpaka mphira wake unauma. Iwo mankhwala awo anali mkaka. Akaweruka ankamwa paketi imodzi chiimire, akuti umatsuka penti yense m'chifuwa, kenaka n'kuyatsa ndudu. Opopera onse ankatero, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti mkaka wopita m'mimba ukafika bwanji m'mapapo.

Mnzawo wa pamtima anali wowongola magalimoto ochita ngozi, amene aliyense ankawatchula kuti a Hamala. Phokoso la zitsulo linawagonthetsa khutu limodzi, choncho ankayankhula mokuwa ngakhale munthu ali pambali pawo pomwepo.

"Achimwene, ine ntchito yandidya khutu," ankatero. "Inu ikudyani chiyani?"

"Ine sindidyeka," ankayankha a Kalilole, akumenya pachifuwa.

A Kalilole ankakhala ndi akazi awo m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa kachitunda. Ana anakula n'kupita kutali kukasaka moyo. Mayiwo anali telala, ankasokera pakhonde ndi makina opalasa ndi miyendo, ndipo ndiwo anayamba kuona kuti zinthu sizili bwino. Chifuwa cha m'mawa chimene chinkatha madzi osamba asanazizire chinayamba kufika mpaka pa tiyi. Makhololo anachuluka. Kachitunda kamene bambowo ankakwera akuimba mluzu anayamba kukakwera chete, kenaka anayamba kuima pakati ngati akumanga chingwe cha nsapato. Mayiwo ankaona ali pakhonde kuti nsapatozo zinali zopanda zingwe.

Ku galaja nakonso mpweya unkafupika. Mbali ya minibasi inayamba kufuna mipweya iwiri, kenaka itatu. Chitseko chimodzi chinayamba kuwakwanira. Palibe kasitomala amene ankaona pamene mzere wadukira, koma iwo ankapaona, ndipo zinkawawawa kuposa chifuwacho. Kuchipatala anapitako katatu, katatu konse anayezedwa makhololo, ndipo katatu konse anauzidwa kuti TB palibe. Ankabwerako akuseka, botolo la mankhwala a chifuwa lili m'thumba, ngati apambana mlandu.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, chimfine wamba chitawagwira, anakhala pansi pakati pa kachitunda kaja ndipo sanathe kudzuka. Milomo inada. Aneba anawanyamula. Kuchipatala anagonako masiku anayi, atawaika timachubu ta mpweya m'mphuno, akumwa mapiritsi ochepetsa kutupa ndi ena opha tizilombo. Atapezako bwino anawauza kuti auzire m'kachubu kena ndi mphamvu zawo zonse. Iwo anaseka kaye, poti kuuzira kunali kwawo. Anauzira mpaka maso anatuluka misozi, koma adokotala anangoyang'ana pepala n'kukanda pachipumi.

"Bambo, ndikuuzani zoona," anatero adokotalawo. "Si TB, ndiponso si mphumu imene mukuidziwa. Tinjira ta mpweya m'mapapo mwanu tatupa n'kuchepa, ndipo tina tawonongekeratu. Utsi wa fodya ndi penti wa zaka zonsezi ndi zimene zachita zimenezi. Zowonongekazo sizibwerera."

"Koma mankhwala alipo?"

"Alipo. Amatsegula tinjira totsalato kuti muzipumako bwino. Koma sachiritsa."

"Ndimwe masiku angati?"

"Moyo wanu wonse, bambo. Ndipo fodya ndi penti, zonse ziwiri musiye."

Za fodya anazimva bwinobwino. Za penti zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Pazenera lolandirira mankhwala panali mzere wautali. Anawapatsa tizitini tiwiri topopera mkamwa, timene ena amati mainhela. Kabuluu kanali kopopera akabanika, kofiirira kanali ka m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Wopereka mankhwalayo anafotokoza ali kuseri kwa mawaya, maso ali kale pa munthu wotsatira. "Gwedezani, ikani mkamwa, dinani, kokani mpweya. Mwamva?"

"Mwana wanga, ukuphunzitsa ine kupopera?" anatero a Kalilole. Anatuluka akupukusa mutu, ndipo mtima unakhala m'malo kwa nthawi yoyamba. Mankhwala opopera, kwa munthu wopopera! Anaona ngati Mulungu wawasankhira matenda a ntchito yawo.

Abwana a galaja anabwera kudzawazonda Lamlungu. Anali munthu wabwino, koma galaja si tchalitchi. Anakhala pampando wa pakhonde akuzunguza makiyi pachala, kenaka ananena chimene anadzera.

"Madala, sukulu ina yatipatsa minibasi yake. Ibwera pakatha miyezi iwiri, ifunika chikasu thupi lonse. Malo anu ndikusungirani mpaka tsiku limenelo. Ikafika inu mulibe, musadzandide, ndidzaitana wina."

"Ikafika mudzandipeza ndasakaniza kale penti," anatero a Kalilole.

Kuyambira tsiku limenelo matenda awo anali ndi tsiku lake. Sankafuna kuchira monga ena amafunira, kuti aone zidzukulu kapena akalambe bwino. Ankangofuna mpweya wokwanira minibasi imodzi, kuti msomali uja usakolekedwe mfuti ya munthu wina.

Anayamba mankhwala ndi mtima wonse, monga ankachitira ndi ntchito iliyonse. Ndudu zotsala anazithyola n'kuziponya m'chimbudzi. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo miyendo itatangadza, kugwedeza kachitini mwaukatswiri, kukaika mkamwa, psii! psii! Madzulo chimodzimodzi. Mankhwalawo ankawawa palilime, ndipo iwo ankati kuwawako ndiye mphamvu yake.

Sabata inatha, yachiwiri inatha, yachitatu. Befu anali yemweyo. Kuchoka pabedi kufika pakhonde ankafika akupuma wefuwefu, m'chifuwa mukulira ngati muli tiana ta mphaka. Kusamba kunasanduka ntchito ya magawo awiri. Lilime linachita zoyerayera, mawu anasasa, chakudya chinasiya kukoma. Kabuluu ankapopera kasanu, kasanu ndi kamodzi patsiku, osaona kusintha, mpaka tsiku lina anakaponya kukhoma.

"Andipatsa madzi awa! Amaona ngati sindidziwa chitini chabodza?"

Akazi awo anakatola, n'kukapukuta ndi nsalu. "Bambo, tiyeni tikafunse. Mwina pali pamene tikulakwitsa."

"Ndilakwitse kupopera ineyo?"

"Safunsa anadya phula."

A Kalilole anatembenukira kukhoma. Mantha anali atawalowa, mantha enieni, ndipo ankawabisa ndi ukali chifukwa analibe pena powabisa.

Tsiku lokaonedwanso anapeza namwino wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, wooneka kuti watopa ndi anthu onama kuti akumwa mankhwala. Anamvetsera madandaulo onse, anayang'ana lilime, kenaka anati, "Tandionetsani mmene mumachitira."

A Kalilole anaimirira, anagwedeza kachitini, anakaika mkamwa n'kudina. Kautsi koyera kanatulukira m'mbali mwa milomo. Namwinoyo anavala magalasi, anazungulira kumbuyo kwawo, n'kuika dzanja pamsana pawo.

"Bwerezani."

Psii!

"Bambo, simukupuma."

"Ndikupuma."

"Ayi. Mukangodina, nthiti zanuzi zikuima gwa. Mankhwala onse akuthera palilime, n'chifukwa chake lachita zilonda. M'mapapo simunalowe kanthu chiyambire."

"Sizingatheke," anatero iwo, ndipo anayesanso, atatsimikiza mtima kuti ulendo uno akoka mpweya. Chala chinadina, pakhosi panatseka pokha ngati chitseko cha sipuling'i. Anayesa kachinayi, zomwezo. Anaima kakasi, kachitini kali m'manja.

Akazi awo ndiwo anayankhula, motsitsa mawu, maso ali pansi. "Chala chikadina, mpweya uime." Mawu amenewa anali atawamva zaka makumi atatu, pakhonde, pamaliro, paliponse pamene amuna awo apeza munthu wowamvetsera. Anamufotokozera namwinoyo za ntchito ya ku shedi. Namwinoyo anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya bambowo anasiya.

Anatenga botolo la pulasitiki la chakumwa, lotsukidwa bwino, lobooledwa kumatako. Analowetsa kamwa la kachitini pabowolo. "Mankhwala aziyamba alowa m'botolomu, azikudikirani. Inu kamwa lanu likhale kuno. Choyamba tulutsani mpweya wonse. Kenaka dinani, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka pansi. Mukatero ndiye gwirani, muwerenge mpaka khumi. Kugwira mpweya mumatha, bambo, kungoti mumagwira pa nthawi yolakwika. Mukapopera kofiiriraka muzichukucha mkamwa. Ndipo amayi, muwathandize. Thupi limene laphunzira chinthu zaka zonsezi silisiya ndi mawu okha."

Anabwerera kunyumba atanyamula botolo lija. Masabata atatu anali atapita pachabe, otsala anali asanu.

Amene sanaonepo munthu wamkulu akuphunzira kupuma asaseke. M'mawa ndi madzulo mayiwo ankakhala moyang'anizana nawo, dzanja lili pachifuwa pa amuna awo. "Tulutsani. Dinani, kokani. Kokani, bambo, kokani!" Chala chinkadina, chifuwa n'kuuma, mankhwala n'kuzilala m'botolo. Bambowo ankatukwana botolo, ankatukwana namwino, tsiku lina anatukwana ndi mkulu uja amene anawaphunzitsa ntchito, yemwe anagona kumanda kalekale.

Mayiwo anaona kuti kawiri patsiku sikungagonjetse zaka makumi atatu ndi zisanu, komanso mankhwala si oseweretsa. Anatenga pegi yoyanikira zovala pachingwe n'kuwapatsa.

"Khalani apa pafupi ndi makina. Iyi ndiye mfuti yanu tsopano. Mukaidina, muzikoka mpweya."

"Mayi, mwandiyesa mwana?"

"Mwana akanamva kale."

Anakhala. Makina akulira tchekete tchekete, mayi akupalasa, maso ali pa nsalu, pakamwa pakungoti, "Tulutsani. Dinani, kokani. Gwirani." Odutsa pamsewu ankaona a Kalilole, katswiri wa penti, atakhala pampando akutsegula ndi kutseka pegi, ndipo ena ankati mutu wayamba kusokonekera. Iwo analibe nazo ntchito. Munthuyu chinthu akachiyamba sankachidziwa theka. Ankadina pegi akudikira tiyi, ankadina ali kubafa, ankadina akumvera wailesi. Mayi akapita kumsika ankadziuza okha mawu aja. Pegi yoyamba inathyoka, anatenga ina.

M'mawa wa tsiku lakhumi anaika botolo pakamwa, anatulutsa mpweya, anadina, ndipo chifuwa chinatseguka chokha. Anamva kuzizira kukutsika, kudutsa pakhosi, kukafika malo amene anaiwala kuti alipo. Anagwira, akazi awo akuwerenga ndi zala. Patapita kanthawi, china chake chinamasuka m'chifuwamo, ngati nati yadzimbiri imene yavomera kutembenuka pang'ono. Anayang'anana. Mayiwo anatembenukira ku makina msangamsanga, n'kuyamba kufunafuna ulusi umene unali m'manja mwawo momwemo.

Masiku otsatira lilime linapola. Anafika pampope wa madzi osapumira. Anafika kumsewu. Kachitunda anakakwera ndi kupumira kawiri m'malo mwa kasanu. Kunena zoona, kumeneku sikunali kuchira. Kunali kampata chabe, kamene mankhwala anatsegula m'mapapo otha ntchito. Koma munthu amene wakhala akumira, mukamutulutsa mphuno yokha pamwamba pa madzi amayesa wafika pamtunda.

Namwino uja atawaonanso anagwedeza mutu mokhutira. "Mwakhoza, bambo. Sindinaonepo wophunzira chonchi. Koma ku penti kuja ayi. Mapapo amenewa alibenso malo osungira chipongwe china."

"Ndamva, amayi," anatero iwo, mofatsa kwambiri moti akazi awo anadziwiratu kuti sanamve.

Minibasi inafika pa tsiku lake. A Hamala anatumiza uthenga kuti aiwongola, aikwecha, yangotsala penti. Madzulo ake a Kalilole anatulutsa ovolosi m'sutikesi n'kuiyanika pampando.

"Bambo," anatero mayiwo, "kampweya kamene tavutikira chonchika mukufuna mukakapereke kwa minibasi?"

"Imodzi yokhayi."

"Ikatha imeneyi kudzabwera ina."

"Nanga ndikakhala pakhonde pano ndine ndani? Wodina pegi?"

"Ndinu amuna anga."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinawalasa, koma sizinawakwanire. M'mawa anapopera mankhwala awo bwinobwino, anachukucha mkamwa, anaika kabuluu m'thumba la ovolosi. Mayiwo anawapatsira botolo lija.

"Limenelo likhale. Ndikaoneke ngati khanda loyamwa pamaso pa amakaniko?"

Mayiwo anaima pakhonde botolo lili m'manja mpaka amuna awo anatsika kachitunda konse.

Ku galaja anawalandira ndi mluzu ndi kuwomba m'manja. "Wabwera mwini shedi!" anakuwa a Hamala, n'kuwakumbatira mpaka kuwatsokomoletsa. Minibasi inali m'kati mwa matenti, yotuwa, yosalala, mawindo ndi nyali zitamatidwa manyuzipepala. A Kalilole anaisisita ndi chikhatho kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, anapeza pamodzi pokhakhala, n'kuuza a Hamala kuti akwechenso. Anatsitsa mfuti yawo pamsomali. Anatsegula chitini cha chikasu, anathira thina, anatakasa, anakweza kamtengo kuti aone mmene penti akudonthera. Fungo lija litawafika m'mphuno anamva chimwemwe chimene sanachimve miyezi iwiri yonse.

Abwana anabwera ndi chotchinga kumphuno chatsopano, chikadali m'pepala lake. "Madala, ulendo uno muvale. Ndapota nanu."

Anavala, osatsutsa. Koma chotchinga chimafuna mapapo amphamvu okoka mpweya kudutsa m'nsefa zake, ndipo awo analibe mphamvu imeneyo. Mphindi isanathe anali akuchikanganula kumaso, thukuta lili kamukamu. Chimene anachikana ali ndi mphamvu, tsopano chinawakana iwo.

"Musadandaule," anatero atapezanso mpweya. "Ndichita mwakale. Chitseko chimodzi, mpweya umodzi, ndituluke. Tifika."

Kompuresa inatsokomola, inalira. Anaima kunja kwa tenti, anakoka mpweya umene akanatha, analowa. Anaima patsogolo pa chitseko cha dalaivala, miyendo itatangadza, anakweza mfuti. Sanamve n'komwe kuti pamene chala chinkakhudza chodinira, milomo yawo inali itatulutsa kale mpweya wonse, monga inkachitira pakhonde. Anadina. Nkhungu yachikasu inabuka, ndipo chifuwa chinatseguka chokha n'kukoka, pang'onopang'ono, mpaka pansi penipeni, ndendende mmene anachiphunzitsira. Kenaka chinagwira.

Anadziwa chimene chachitika mpweyawo usanathe kulowa, koma panalibenso chobweza. M'chifuwa munayaka moto. Tinjira tija tinatsekeka tonse nthawi imodzi. Dzanja linauma pamalo amodzi chala chikadali chodina, penti n'kumangounjikana pachitseko mpaka anayamba kuyenderera, mizere itatu yonenepa kutsikira pa tayala. Anaiona misozi ija ndi maso awo asanagwade pansi.

A Hamala ndiwo anawakokera kunja. Anapisa m'thumba, anapeza kabuluu, anakaika mkamwa mwawo n'kumadina akukuwa, "Pumani, achimwene! Pumani!" Koma kupuma kwake kunali kwa tizidutswa, kothamanga, ndipo botolo lodikiritsa mankhwala linali pakhonde kunyumba. Ambiri anathera palilime ngati kale. Anawagoneka kumbuyo kwa galimoto ya abwana, mutu uli pamiyendo ya a Hamala, ndevu ndi mphuno zili zachikasu.

Sanafe. Anagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri, timachubu m'mphuno, mankhwala a nthunzi pakamwa, majakisoni, mapiritsi. Namwino wa magalasi uja anadutsa kamodzi, anaima pamapazi pa bedi, anawayang'ana, osawakalipira. Kukanakhala bwino akanawakalipira. Adokotala anawatengera mayiwo pakhonde la wodi n'kuwauza kuti kubanika kulikonse kotere kumachotsako gawo limene silibwerera, ndipo uku kwachotsa lalikulu. Mankhwala apitirize omwewo, awonjezerapo kachitini kachitatu. Azithandiza, koma pang'ono kuposa kale.

Kachitunda sanakakwerenso ndi miyendo yawo. Galimoto inawasiya pakhomo penipeni. Kuchokera pamenepo dziko lawo linali bedi, mpando wa pakhonde, ndi masitepe asanu ndi atatu a pakati pake, amene ankawayenda atagwira khoma. Mapewa otambalala aja anagwa. Ankagona chokhala, atatsamira mapilo atatu. Mankhwala ankapopera mosaphonya, mwaluso moti namwino akanatha kuitana odwala ena kudzaonera, ndipo mankhwalawo ankawapatsa mpweya wokwanira kudya, kusamba atakhala, ndi kuyankhula mawu anayi kapena asanu asanapumire. Nthabwala za tsache zinatha, chifukwa nthabwala imafuna mpweya wofika kumapeto kwake.

Masana ena a Hamala anakwera kachitunda atanyamula kanthu kokulunga m'nsanza. Anapereka moni kwa mayi, "Muli bwanji, alamu?", n'kukhala pansi pakhonde. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anayankhula motsitsa.

"Ndabweretsa katundu wanu. Ndatsuka ndekha, kachitsulo kalikonse."

A Kalilole anayang'ana nsanzayo pamiyendo pawo. "Minibasi ija?"

"Inatuluka. Abwana anaitana wina."

"Wapaka bwanji?"

A Hamala anakanda kumutu. "Ndiname?"

"Musaname."

"Wapaka bwino, achimwene. Misozi ija anaikwecha, sikuonekanso. Amavala chotchinga chija tsiku lonse, ndipo amapuma mmene akufunira."

A Kalilole anagwedeza mutu. Makina osokera anali atasiya kulira. Anamasula nsanza ija pang'onopang'ono, ndipo mfuti inatuluka ikuwala, yopanda chitini, yopanda chubu. Inalowa m'dzanja mwawo monga mwa masiku onse. Anaikweza, anailozetsa kukhoma, anaika chala. Ankafuna kungodziwa. Anauza chifuwa chawo mumtima, mwaukali wonse umene unatsala, kuti chiime.

Anadina. Chodinira chinangoti tcha, ndipo chifuwa chinakoka mpweya, mofatsa, momvera, mpaka pamene chinathera. Onse atatu anaumva ukulira polowa.

Anaikulunganso m'nsanza, ngodya ndi ngodya, n'kupatsira akazi awo.

"Mwandiphunzitsa bwino, mayi," anatero. Anapumira. "Ikani pamwamba pa kabati. Pamene sindingafike."

Mayiwo analowa nayo m'nyumba ndipo anachedwa kutuluka. Atatuluka, maso ali ofiira, anali ndi botolo lija m'manja, chifukwa nthawi ya mankhwala a madzulo inali itakwana.